Dr Ralph Bunche: Mwana Wamasiye Amene Adayanjanitsa Maiko

A Ralph Bunche adabadwira ku Detroit, m'dziko la America. Mai awo atamwalira mu 1917, adaleredwa ndi agogo awo ku Los Angeles. Pakhomo padali umphawi, koma m'kalasi ankakhoza bwino.

Bungwe la Rosenwald lidawapatsa ndalama zokachitira kafukufuku ku Togo ndi ku Dahomey, pa za ulamuliro wa atsamunda. Kafukufukuyu adawapezetsa digiri ya PhD ku Harvard mu 1934.

Ali pantchito ku United Nations, adatsogolera zokambirana zoleketsa nkhondo pakati pa Israel ndi maiko a Aluya mu 1949. Mu 1950 adakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Adamwalira mu 1971.

Anzathu, ndalama yophunzitsira mwana wosauka sipita pachabe.