William Koyi, Woyanjanitsa Anthu

William Koyi anali Mxhosa wa ku South Africa, wophunzira pa sukulu ya Lovedale. M'chaka cha 1876 anadzipereka kudza kuno ku Nyanja kudzathandiza Mishoni ya Livingstonia. Masiku amenewo Angoni a mfumu M'mbelwa analikuthira nkhondo Atonga a ku Bandawe, nakayikiranso amishoni, popeza anamanga pakati pa adani awo.

Koma chinenero cha Koyi chinafanana ndi Chingoni, ndipo anadziwa ulemu woyenera mafumu. M'chaka cha 1882 anakwera kumapiri, nakhala ku Njuyu pakati pawo. Pomuopsa ankhondo ndi mikondo, iye sanabweze mawu aukali, koma anamvetsera mofatsa kufikira mitima yawo itatsika. Chotero anamutcha Mtusane, ndiko kunena mkhalapakati.

Anapirira zaka zinayi Angoni alikukana sukulu. M'chaka cha 1886 anavomera, ndipo mbiriyo inampeza ali gone ndi nthenda. Anamwalira pa 4 June, naikidwa ku Njuyu komweko.

Abale, mlandu sutha pofuulirana kutali. Wofuna kuyanjanitsa anthu akhale nawo pafupi, awamvetse, ndipo asafulumire kukwiya.