Johannes Rebmann: Mjeremani amene anaphunzitsidwa ndi kapolo

Amene amaphunzira Chijeremani chozama ku yunivesite sangoloweza galamala ayi. Amawerenganso mbiri ya dzikolo, nkhondo zake ndi mabuku ake, poti chilankhulo sichisiyana ndi eni ake. Kalekale Mjeremani wina anatsata njira yomweyi, koma iye ndiye anakhala pansi kuphunzira chilankhulo chathu.

Johannes Rebmann anabadwa mu 1820 ku Gerlingen, pafupi ndi Stuttgart. Ataphunzira za umishoni ku Basel, bungwe la Church Missionary Society linamutumiza kum'mawa kwa Africa. Anafika ku Mombasa mu 1846 n'kukakhala ku Rabai ndi mnzake Ludwig Krapf. Mu 1848 anaona chipale pamwamba pa phiri la Kilimanjaro, koma akatswiri ena ku England anamutsutsa, ati chipale sichingapezeke kudziko lotentha chotero. Ambiri amamukumbukira ndi nkhani imeneyi. Ife tili ndi ina.

Mu 1853 Rebmann anakumana ndi kapolo wotchedwa Salimini, amene anagwidwa kuno kwathu zaka pafupifupi 10 m'mbuyomo. Kwawo kunali ku Mphande, dera lomwe likuoneka kuti linali cha ku Lilongwe. Rebmann anayamba kumufunsa mawu, limodzilimodzi, n'kumalemba. Sanafunse matanthauzo okha. Analembanso mayina a mitengo, a midzi ndi mitsinje, ngakhale miyambi. Salimini anali mphunzitsi wosamala. Anamuuza kuti chilankhulo cha kwawo, cha anthu a kumtunda, chinkasiyana pang'ono ndi cha Amaravi a kumwera: mtengo umene iye ankati kamphoni, iwo ankati mombo. Ife amene tikuphunzira za uphunzitsi timatha miyezi tikukambirana njira zophunzitsira chilankhulo. Munthuyu analibe choko kapena bolodi, analibenso ufulu, koma mudzi umene anamuchotsako unali udakali m'mutu mwake wonse wathunthu.

Nthawi imeneyo n'kuti David Livingstone asanafike pa nyanja yathu, poti iye anafika mu 1859. Rebmann mwini wake sanapondepo dziko lino.

Anakhala ku Africa zaka 29 osapitako kwawo. Mkazi wake Emma anamwalira komweko mu 1866, ndipo maso ake anayamba kufa. Anabwerera ku Germany mu 1875 ali pafupi kukhala wakhungu, ndipo anamwalira ku Korntal pa 4 Okutobala 1876. Mwezi womwewo amishoni a ku Scotland anayamba mishoni ya Blantyre, kamtunda pang'ono kuchokera kwathu ku Chirimba.

Buku lake lotanthauzira mawu, Dictionary of the Kiniassa Language, linasindikizidwa mu 1877 atalikonza Krapf. Rebmann sanaligwire m'manja. Patsamba loyamba pali mayina a Ajeremani awiriwo; la Salimini munthu amachita kukalifuna m'kati, m'mawu otsogolera.