William Withering ndi Mankhwala a Mtima

Aphunzitsi anzanga, ambiri a ife tinaonapo munthu wotupa miyendo ndi mimba, wopuma mobanika, cifukwa mtima wace walefuka. Nthenda imeneyi ya mbulu ndiyo inachukitsa William Withering.

Iye anabadwira ku Wellington, m'dziko la England, m'caka ca 1741, naphunzira udotolo ku Edinburgh. Mu 1775 anamva za mai wina wokalamba wa ku Shropshire amene ankaciritsa mbulu ndi zitsamba zosakaniza 20 kapena kuposerapo. Sanampeputse ai. Pokhala wodziwa zomera, anazindikira kuti mphamvu yonse inali m'citsamba cimodzi, cochedwa foxglove.

Poyamba ankapereka muyeso waukuru, ndipo odwala ankasanza koopsa. Zaka 10 anafunafuna muyeso woyenera wa masamba ouma, nalemba za odwala ace, ngakhale amene sanacire; pamenepa mpamene ine ndimcitira ulemu koposa. Buku lace linaturuka mu 1785. Ankayesa kuti mankhwalawo agwira nchito makamaka pa impso, komabe anaona kuti acepetsanso liwiro la mtima.

Anamwalira mu 1799 atadwala cifuwa zaka zambiri. Mu 1930 m'mtundu wina wa foxglove munapezeka digoxin, mankhwala amene wodwala salandira popanda dotolo kumlembera.