Godfrey Chitalu, Batire la ku Kabwe

A Mkonzi atandipempha kuti ndilembe mbiri ya munthu wotchuka m'kalata yathu ino, ndikhulupirira ankayembekeza kuti ndisankha John Chilembwe, poti ndine mwana wa ku Chiradzulu. Pepani a Mkonzi, ine ndasankha katswiri wa mpira wa miyendo, ndiponso wa ku Zambia. Anzanga amene tinkadyera limodzi mgaiwa wa nyemba kusukulu kuja mukukumbukira kuti m'timu ya sukulu sindinalowemo. Ntchito yanga inali kunyamula ndowa ya madzi ndi kukuwa m'mbali mwa bwalo, choncho za khalidwe la ife ochemerera ndikuzidziwa bwino.

Chandichititsa ndi ichi. Tsiku lina ndikuweruka kuntchito ndinakwera minibasi imene dalaivala wake anatsegula pologalamu ya zamasewero. Mtolankhani anafunsa mnyamata wina, amene timu yake inali itangogonja, kuti chalakwika n'chiyani. Mnyamatayo sanaloze chala woyimbira, bwalo kapena mphepo monga timamvera masiku onse. Anavomera kuti anzawo aja anawaposa, kuti iye mwini anataya mipata iwiri yoonekeratu, ndiponso kuti sabata yonseyo sanakonzekere mokwanira. Mafoni atatsegulidwa ndinagwira pakamwa. Ambiri mwa oyimbawo sanakwiye ndi kugonjako ayi, chinawapweteka ndi kuvomerako. Wina anati mwanayo ndi wamwano, wina anati wadya ndalama za timu inayo, wina anati achotsedwe msanga asanawononge anzake. M'minibasi momwemo mkangano unabuka, mpaka kondakitala anayiwala kundibwezera chenji. Ine maganizo anali atapita kale kwathu kwa Nchema, kwa munthu amene dzina lake ndinayamba kulimva pakamwa pa bambo anga.

Bambo anali ndi wayilesi ya Nzeru, ndipo mabatire akafooka ankawayanika padzuwa kuti akwanitse masewero a Loweruka. Nkhani imene ankaikonda koposa inali ya mu Novembala 1978, ine ndisanabadwe, pamene mpikisano wa CECAFA, wa maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, unachitikira kuno kwathu. Zambia inabwera yolusa. Kenya anaithibula 9-0, ndipo wosewera kutsogolo wawo, Godfrey Chitalu, anagoletsa zigoli 11 mumpikisanowo, kuposa wina aliyense. Koma m'ndime yotsiriza anyamata a Ted Powell, a Kinnah Phiri ndi a Jack Chamangwana ndi anzawo, anagonjetsa Zambia 3-2 ndi kutenga chikhocho koyamba m'mbiri ya dziko lino. Bambo pofotokoza sankanena kuti tinagonjetsa Zambia. Ankati tinagonjetsa Chitalu, ndipo kwa iwo ulemu wonse wa chikhocho unali pamenepo.

Godfrey Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, tauni ya migodi ya kopa m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Anakulira m'makomboni momwe mpira unali chakudya cha anyamata, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1960 analowa timu ya Kitwe United. Anali wamphamvu, waliwiro, womenya mpira ngati akufuna kung'amba ukonde. Dzina loti Ucar, limene anthu ambiri amamudziwa nalo, linachokera ku mabatire a kampani ya Union Carbide amene ankatchuka kuti sakutha moto msanga. Kwa munthu ngati bambo anga, woyanika mabatire padzuwa, panalibe dzina laulemu loposa limenelo.

Koma tisamukometse mopitirira. Chitalu wachinyamata anali wa mtima wapachala. Zimene zinali mumtima mwake zinkatulukira pomwepo, pamaso pa woyimbira, pamaso pa omutchinga, pamaso pa gulu lonse. Ankatulutsidwa m'bwalo, ankayimitsidwa kusewera, ndipo anatchuka monga mwana wosamva wa mpira wa ku Zambia. Nkhani imene a ku Zambia amasekabe nayo ndi ya tsiku limene woyimbira anamuyitana kuti amulembe m'buku. Atafunsidwa dzina, iye anati ndi Denis Law, katswiri wa Manchester United wa nthawi imeneyo. Woyimbirayo sanaone choseketsa, anamutulutsa. Komabe m'chaka cha 1968 mnyamata yemweyu ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo, ndipo ulemu umenewu anaulandiranso mu 1970, 1972, 1978 ndi 1979.

M'chaka cha 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya anthu a njanji. Chaka chotsatira ndicho chinamuyika m'mbiri. Mu 1972 Warriors inasesa zikho za m'dzikomo, ndipo Chitalu anawerengeredwa zigoli 107 m'nyengo imodzi. Ena amafikitsa chiwerengerocho pa 116 poonjezapo zigoli 9 zimene anamwetsa timu ya Majantja ya ku Lesotho kumayambiriro kwa chakacho mumpikisano wa akatswiri a mu Africa. Inu amene munkakhoza masamu kuposa ine tagawani nokha ndi masabata 52 a pachaka. Ndi zigoli ziwiri sabata iliyonse, popanda tchuthi, popanda malungo.

Apa ndiloleni ndipatuke pang'ono ndibwerere kwa Nchema, chifukwa ndi kumene ndinaphunzira mtengo wa kulankhula mosabisa. Ndili mwana, ife tinkamenya chikulunga kuseri, koma akuluakulu a m'mudzi mwathu anali ndi timu yeniyeni, ya yunifomu ya malaya a kaunjika ndi magolo a nsungwi. Chaka china, nandolo atakololedwa, panali mpikisano wa midzi ndipo chikho chake chinali mbuzi. Anthu anasonkha ndalama, osati za mpira watsopano ayi, koma za kwa sing'anga. Osewera anasamba zosambazo, analowa m'bwalo chafutambuyo monga anawalangizira, ndipo anagonja 4-0. Madzulo ake pabwalo la mfumu aliyense anali ndi chifukwa chake. Ena ankati mankhwala a anzathu aja anali aakulu, ena ankati pali wina anaswa chizimba. Ndipo kaputeni wa timuyo, mnyamata wotseka kumbuyo amene tonse tinkamusirira, anayimirira. Anauza gulu lonse kuti theka la timu linagona ku kachasu usiku wa dzulo lake, iye mwini ali pomwepo, ndiponso kuti kwa masabata awiri palibe anathamangapo. Palibe anamutsutsa, pakuti aliyense ankadziwa. Koma pofika m'mawa mbiri inali itawanda kuti kaputeni anadya ndalama za mudzi winawo. Yunifomu anamulanda, ndipo sanaseweretsedwenso.

Ndakhala ndikuyerekeza anthu awiriwa. Kunena zoona, kaputeni wathu anali waulemu kuposa Chitalu wachinyamata, pakuti sananyoze munthu, anangonena zimene zinachitika. Kusiyana kwake n'kwakuti Chitalu anali ndi zigoli zomuyankhulira. Ife ochemerera timapirira pakamwa pa wosewera malinga ngati mwendo wake ukutisangalatsa Loweruka lililonse. Wotseka kumbuyo amene wamwetsedwa zinayi alibe chomuteteza.

Ngakhale Chitalu yemweyo, njira yake m'timu ya dziko sinali yosalala. Mu 1974 Zambia inafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa ku Egypt, inalepherana ndi Zaire 2-2, nigonja 2-0 pobwereza. Zaka zimenezo, pansi pa mphunzitsi Ante Buselic, munthu wa zigoli 107 uja nthawi zina ankakhala pabenchi, ndipo kenaka anakhala nthawi yaitali osayitanidwa n'komwe. Anabwereranso mu 1977 ali ndi zaka pafupifupi 30, msinkhu umene ambiri amayamba kuganiza zopachika nsapato, ndipo ndi Chitalu wokhwima ameneyu amene bambo anga anamumva pawayilesi mu 1978. Mu 1980 anapita ku masewero a Olimpiki ku Moscow. Zambia inagonja masewero onse atatu, koma zigoli ziwiri zimene inapeza kumeneko, china pokumana ndi eni bwalo a Soviet Union, china pokumana ndi Venezuela, zinali zake. Posiya timu ya dziko anali atagoletsa zigoli 79, kuposa wosewera wina aliyense amene Zambia inakhalapo naye.

Atapuma anasanduka mphunzitsi, poyamba ku Kabwe Warriors, kenaka timu ya dziko. Mwana wosamva uja tsopano ndiye ankalangiza ana a eni. Timu imene anapatsidwa inali yoopsa, pakuti ena mwa anyamatawo ndi omwe anachititsa manyazi Italy 4-0 ku Olimpiki ya ku Seoul mu 1988. Pa 25 Epulo 1993 anagonjetsa Mauritius 3-0 kwawo komwe, zigoli zonse za Kelvin Mutale. Patangopita masiku awiri ananyamuka ku Lusaka pa ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo kupita ku Dakar kukakumana ndi Senegal m'masewero opezera malo ku chikho cha dziko lonse. Ndegeyo inatera ku Brazzaville, niteranso ku Libreville m'dziko la Gabon. Usiku wa pa 27 Epulo, itangonyamuka ku Libreville, inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe. Anthu onse 30 anafera pomwepo, 18 mwa iwo osewera. Chitalu anali ndi zaka 45, ndipo womuthandiza wake Alex Chola anatsikira naye limodzi. Lipoti la boma la Gabon la mu 2003 linati injini ya kumanzere inayaka moto, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa injini yabwinoyo molakwitsa. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku PSV Eindhoven ndipo anayenera kukakumana ndi anzakewo ku Dakar.

Tsiku limenelo ndimalikumbukira bwino. Ndinali ku pulayimale, ndipo masiku amenewo nkhani pakamwa pa akuluakulu inali imodzi yokha, ya riferendamu ya pa 14 Juni, nyali kapena tambala wakuda. Koma Lachitatu limenelo ndikuchokera kusukulu ndinapeza bambo atakhala pakhonde, wayilesi ili pamwendo, khasu lili poteropo. Sanapitenso kudimba. Amayi anadabwa kuti munthu angasiye ntchito chifukwa cha maliro a mlendo amene nkhope yake sanayionepo, koma madzulo ake amuna a m'mudzi anasonkhana pakhomo pathu ngati pasiwa. Amene anakhala pafupi ndi wayilesi, kumasulira anzake nkhani za Chingerezi, anali kaputeni wolandidwa yunifomu uja.

Matupi awo anayikidwa ku Lusaka, pafupi ndi bwalo la Independence. Timu yatsopano imene inamangidwa mozungulira Kalusha inafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa mu 1994, nigonja 2-1 kwa Nigeria. Chikhocho chinadikira mpaka pa 12 Febuluwale 2012, pamene Zambia inagonjetsa Ivory Coast 8-7 pamapenate, mumzinda wa Libreville womwewo.

Chaka chomwecho dzina la Chitalu linamvekanso padziko lonse. Lionel Messi atagoletsa zigoli 91 mu 2012, manyuzipepala a ku Ulaya analemba kuti waposa Gerd Müller wa ku Germany amene anagoletsa 85 mu 1972. A bungwe la mpira ku Zambia anadzuka n'kukumbutsa dziko kuti m'chaka chomwecho cha Müller munthu wa ku Kabwe anagoletsa 107. FIFA inayankha kuti siyisunga ziwerengero za mipikisano ya m'maiko, choncho siyingatsimikize za aliyense. Ndinaona anthu pa Facebook, ena obadwa Chitalu atamwalira kale, akumenyera nkhondo dzina lake ngati la mbale wawo. Za Denis Law ndi za kuyimitsidwa kuja ochepa ndiwo ankazitchula, ndipo otchulawo ankazinena mwachikondi, monga timanenera za kupulupudza kwa mwana amene anadzakula bwino.

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kukaona amayi, ndipo ndinamupeza kaputeni wathu uja pansi pa mtengo wa mango pamene amakonzera njinga. Imvi zili mbuu, koma miyendo ikadali ya wotseka kumbuyo. Ndinamufotokozera za mnyamata wa pawayilesi ndi za mafoni aja. Anamvetsera osasiya kumata chubu. Nditamaliza sanandifunse dzina la timuyo kapena kuti inagonja zingati. Anangofuna kudziwa ngati Loweruka lotsatira mwanayo anamuseweretsa.