Kalonga Gawa Undi X, Chivunga: Mfumu Imene Inakana Kukhala Kapitao wa Boma

Kalonga Gawa Undi X, amene dzina lao lobadwa nalo linali Obister Chivunga Phiri, anabadwa m'caka ca 1931. Analongedwa ufumu mu 1953 ali mnyamata wa zaka pafupifupi 22, potsata mwambo wa makolo athu wakuti ufumu uyenda kucikazi, m'mbumba ya Nyangu. Anakhala pampando zaka 51 kufikira pamene anatisiya mu 2004. Ambiri a ife amene tasonkhana pano pa Mkaika tinawaona ndi maso athu, koma ana obadwa pambuyo pace angomva dzina cabe, ndipo mau awa tilembera iwo makamaka.

Caka cimene analowa ufumu cinali caka cowawa. Ndico caka cimene Angelezi anamanga pamodzi Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Citaganya, eni dziko asakufuna. Masiku amenewo mfumu inali pampanipani. Malipiro ace anali kucokera ku boma, inali kusonkhanitsa msonkho ndi kuweruza milandu pansi pa Native Authority, ndipo diso la Bwana D.C. linali pa iyo usana ndi usiku. Mfumu yotsutsa anali kuicotsa, monga anacitira ndi Inkosi Gomani II ya Angoni a ku Ntcheu m'caka comweco ca 1953, cifukwa cokana Citaganya.

Motero panali maganizo awiri ofala. Atsamunda anayesa mfumu kapitao wao wovala mikanda. Anyamata ambiri ophunzira amene analowa ndale anaiyesa cotsalira ca makedzana, cimene cidzafota cokha ufulu ukadza. Ngakhale anali adani, magulu awiriwa anamvana pa mfundo imodzi, yakuti kusintha kwa dziko sikungacokere pabwalo la mfumu.

Chivunga anatsutsa onse awiri ndi nchito zao. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kuciyambi kwa za m'ma 1960 anaima kumbali ya omenyera ufulu, ndipo nkhondo ya ndale itafika pacimace, anali mmodzi wa iwo amene anaoloka nyanja kunka ku England kukakambirana za malamulo oyendetsera dziko lino. Tisaiwale kuti boma limene anali kutsutsana nalo ndilo lomwe linali ndi mphamvu yowalanda mpando tsiku lina lililonse. Wandale akamangidwa anali kuturuka m'ndende ali ngwazi, koma mfumu ikacotsedwa, anthu ace onse anali kutsala pamtetete. Citaganya cinatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 24 October 1964 Zambia anabadwa.

Koma mayeso aciwiri anadza ndi ufulu womwewo, ndipo ife tiona kuti anali obvuta koposa oyamba, pakuti tsopano oyesawo anali abale. Mu 1965 boma latsopano linathetsa ma Native Authority ndi kupereka nchito zao ku makhonsolo, makhoti naonso anacoka m'manja mwa mafumu. Ena anayamba kunong'ona kuti ufumu watha. Chivunga sanapanduke, ndiponso sanapinde manja. Anagwira nchito ndi boma la Kenneth Kaunda, nalimbikira kuti mau a mafumu amveke pa nkhani za nthaka, mwambo ndi citukuko ca kumidzi. Anadziwa bwino tanthauzo la maina ao atatu. Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa malo, Undi ndiye wofungatira anthu monga mbalame ifungatira ana ace m'mapiko. Palibe limodzi la maina amenewa limene linacokera ku ofesi ya boma.

Nchito yao imene ikutikhudza koposa lero ndiyo kuutsa Kulamba mu 1984, patapita zaka 50 kucokera pamene atsamunda anauletsa mu 1934. Panali mbadwo wathunthu umene sunaonepo mfumu ikulamba ndi kupereka mitulo pamaso pa Gawa. Enanso anakula akumva kuchalichi kuti Gule Wamkulu ndi cinthu cocititsa manyazi. Nthawi yace inalinso yosayenera m'maso mwa anthu ocenjera: ku Mozambique kunali nkhondo, imene inatha mu 1992, ndipo malire amene atsamunda anadula nao Acewa patatu anali olimba. Komabe mfumu yopanda asilikali, yosatolera msonkho, inaitana ana ace, ndipo pang'onopang'ono mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique anayamba kuoloka malire kudzafotokoza za m'maiko ao pa Mkaika, monga anali kucitira makolo ao ku Mano.

Zipatso zina sanaziwone. Patangopita caka cimodzi atamwalira, mu 2005, bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala cuma ca mtundu wonse wa anthu. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anadzakhala pamodzi pabwalo lino, pamaso pa mlowam'malo wao, Kalonga Gawa Undi XI.