Alves dos Reis, mkulu wa kampani amene anadya za m'nkhokwe ya eni

Akuluakulu a ku Chidzolomondo akukumbukira eskudo, ndalama imene tinkagulira mchere metikali asanabwere mu 1980. Ku Portugal nakonso ndalama yawo inali eskudo. Munthu wina kumeneko anaisewera ndalamayi mpaka dziko lonse linagwedezeka. Dzina lake anali Artur Alves dos Reis.

Anabadwira ku Lisboa mu 1896. Bambo ake ankagulitsa mabokosi a maliro, koma bizinesi yawo inagwa. Mu 1916 mnyamatayu anapita ku Angola atanyamula dipuloma ya uinjiniya yonena kuti anaphunzira ku Oxford. Sukuluyo sanapondeko phazi, pepalalo anadzilembera yekha. Analembedwa ntchito, ndipo za sitima zapamtunda ankazithadi. Nzeru anali nazo, chimene chinkamusowa ndi manyazi.

Atabwerera ku Portugal anaika maso pa Ambaca, kampani ya njanji ya ku Angola. M'thumba la kampaniyi munali ndalama zambiri zimene zinkadikira kubweza ngongole. Reis anagula masheya ake ndi macheke a banki ya ku New York, kumene analibe ndalama zokwanira. Ankadziwa kuti cheke chimatenga masiku ambiri pa sitima yapamadzi. Chekecho chisanafike, iye anali atakhala kale pampando woyendetsa kampani. Anatsegula thumba la Ambaca, natumiza ndalama ku New York kukatseka dzenje lake. Anagula kampani ndi ndalama za kampani yomweyo.

Mlandu wake weniweni unayambira pamenepa. Woyendetsa kampani ali ngati munthu amene wapatsidwa makiyi a nkhokwe. Makiyi ali m'manja mwake, koma chimanga ndi cha eni masheya, ndipo antchito ndi amene anakongoza kampaniyo akuyang'ananso nkhokwe yomweyo. Lamulo lathu la zamalonda, Código Comercial, limene linakonzedwanso mu 2022, limafuna kuti woyendetsa kampani azigwira ntchito mosamala ndi mokomera kampaniyo. Akaiwonongetsa chifukwa chophwanya udindo wake, angathe kuchotsedwa pampando ndi kulipira kuchokera m'thumba mwake. Ngati waba, pamabweranso mlandu wa kundende. Msungichuma wa gulu la alimi a fodya ku Macanga kapena a kachewere ku Tsangano amasunga zochepa, koma nayenso wagwira makiyi a eni.

Anzake a mu Ambaca anazindikira, ndipo mu 1924 Reis anamangidwa ku Porto. Anakhala m'ndende masiku 54. M'malo molapa, anatulukamo ndi maganizo aakulu kuposa oyamba. Analemba pangano labodza looneka ngati lachokera ku Banco de Portugal, banki yaikulu ya dzikolo. Mnzake wa ku Holland, Karel Marang, analitengera ku London kwa Waterlow and Sons, kampani imene inkasindikiza ndalama za Portugal. Anawauza kuti ndi nkhani yachinsinsi yothandiza Angola.

Mkulu wa kampani yosindikizayo, Sir William Waterlow, sanali wakuba. Kulakwa kwake kunali kusafunsa. Nthumwi yake ya ku Lisboa inamuchenjeza, iye osamva. Makalata otsimikizira nkhaniyi ankadzera m'manja mwa Marang yemweyo, ndipo mayankho ankalemba ndi Reis. Ulendo woyamba wokha anasindikiza mapepala 200,000 a maeskudo 500, okhala ndi nkhope ya Vasco da Gama. Pepala, inki ndi makina zonse zinali zenizeni. Chabodza chinali chilolezo chokha.

Ndi ndalamazo Reis anatsegula banki yakeyake mu 1925, Banco Angola e Metrópole. Anayambanso kugula masheya a Banco de Portugal, kuti akadzailamulira adzafafanize mlanduwo mwakachetechete, monga anayesera ku Ambaca. Koma nyuzipepala ya O Século inayamba kufunsa kumene banki yatsopanoyi inkapeza ndalama. Mu Disembala 1925, ofufuza ku Porto anapeza mapepala awiri a ndalama okhala ndi nambala imodzi. Reis anagwidwa ali pa sitima pochokera ku Angola. Anthu anathamangira kukasinthitsa mapepala awo a 500, chikhulupiriro pa boma chinatsika, ndipo mu Meyi 1926 asilikali analanda boma.

Sir William anachoka pampando wake. Banco de Portugal inasumira kampani yake, ndipo mu 1932 khoti lalikulu la ku Britain linalamula kuti ilipire mapaundi 610,392. Iye anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo. Ngongoleyo inagwera eni masheya amene sanaone n'komwe kalata ya Marang.

Reis anazengedwa mlandu mu 1930 ndipo anapatsidwa chilango cha zaka 20. Ali m'ndende analowa mpingo wa Chipulotesitanti, nayamba kulemba za Mulungu. Anatuluka mu 1945. Anayesanso malonda, koma sizinamuyendere. Anamwalira mu 1955 ali mmphawi, patatha zaka 30 chigwidwire pa sitima ija.