Mayi Grace Hopper: Mphunzitsi wa Anthu ndi Makina

Mayi Grace Hopper adabadwira mumzinda wa New York, ku America, m'chaka cha 1906. Asanatchuke pa ntchito ya makompyuta adali mphunzitsi wa masamu pa koleji ya Vassar, kumene ankaumiriza ophunzira kulongosola masamu m'mawu, osati m'manambala okha.

Pa nthaŵi ya Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse adaloŵa usilikali wa pamadzi, ndipo mu 1944 adatumizidwa ku Harvard kukagwira ntchito pa makina oŵerengetsera otchedwa Mark I. Mbali yaikulu ya buku lofotokoza kayendetsedwe ka makinawo, lotuluka mu 1946, adalemba ndi iwowa. Mu 1952 adakonza pulogalamu yomasulira malangizo a munthu kuti makina awamve. Maganizo awo akuti malangizowo azilembedwa m'mawu ofanana ndi Chingerezi adathandiza kubala chiyankhulo cha makompyuta cha COBOL mu 1959.

Komabe uphunzitsi sadausiye. Pofuna kuonetsa kufupika kwa nanosekondi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi, ankagaŵira omvera tizidutswa ta waya ta masentimita 30, mtunda umene kuwala kumayenda m'kanthaŵi kameneko. Adamwalira mu 1992.

Ena mwa ife tidzatumizidwa ku Mua, Golomoti kapena Mtakataka, kumene zipangizo zogula n'zosoŵa koma bango ndi mlaza zili ponseponse. Tikumbukire kuti chinthu chovuta chimamveka mwana akachigwira m'manja. Ngati waya adafotokoza nanosekondi, bango silingalephere kufotokoza mita.